Sitika ikamatuka pa windo, tiyambe tafunsa za galasi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo limene eni mashopu ndi maofesi amakonda kupereka, lakuti zolemba zomata pa mawindo za masiku ano n'zosalimba, mwezi usanathe zayamba kale kupindika m'makona. Ine ntchito yanga ndi yomata zolemba zimenezi, ndipo ndikunenetsa kuti nthawi zambiri vinyl (pulasitiki yopyapyala yopangira masitikawa) ndi guluu wake sizikhala ndi mlandu. Chimalakwika ndi galasi limene silinakonzedwe.

Galasi limapusitsa maso. Limatha kuwala mbee pamene lili ndi mafuta a zala, mwaye wa utsi wa magalimoto komanso silikoni amene omanga anapaka m'mbali mwa felemu. Pa silikoni guluu wa sitika sagwira n'komwe. Chondidandaulitsa kwambiri ndi mankhwala opopera aja onunkhira bwino, ndi ena othamangitsa madzi a mvula pa galasi. Ambiri mwa iwo amasiya utoto wosaoneka woti galasi liziwala, ndipo sitika imamatirira pa utotowo m'malo mwa galasi lenilenilo. Mwini shopu amatilandira ndi chimwemwe kuti anapukuta kale dzulo, tingomata. Cholinga chake n'chabwino, koma ntchito imakhala yawonjezeka.

Kukonza galasi kumayamba ndi madzi ndi sopo wochepa, kuchotsa fumbi ndi matope. Kenako lezala watsopano, galasi lili lonyowa, lezalayo atagonekedwa pang'ono. Mukamamuyendetsa mumamva m'zala kuti tsee, wakumana ndi kadontho ka penti kapena simenti kamene diso silinakaone. Kadontho kameneka mukakasiya, kamatukumula sitika ngati kachiphuphu, ndipo sikachokanso. Lezala wadzimbiri kapena woyenda pa galasi louma amasiya mizere yosafufutika. Mbali ya galasi imene inamatidwa tinti, lezala asayandikireko, ndipo pa galasi lija lolimbitsidwa ndi moto amalitcha tempered, muyese kaye pakona chifukwa limakandika msanga.

Ngati panali sitika yakale, ena amachotsa guluu wotsalira ndi parafini. Amachoka ndithu, koma parafini ndi mafuta, ndiye pamafunika kutsukanso ndi sopo.

Gawo limene anzanga ambiri amalidumpha ndi lomaliza: kupukuta ndi isopropyl alcohol (mankhwala a mtundu wa sipiriti), magawo 70 pa 100, otsalawo madzi. Pamafunika nsalu ziwiri zosathothoka ubweya. Yoyamba imanyowetsa ndi kusungunula mafuta, yachiwiri imatsatira pomwepo kuumitsa mankhwala asanauluke. Mukangonyowetsa n'kusiya kuti ziume zokha, mafuta aja amakhazikikanso pamalo pomwepo, mwangowasuntha. Ndipo osaiwala mphira wa m'mbali ndi pansi pa felemu. Posenda pepala la kumbuyo kwa vinyl pamabadwa kamphamvu ka magetsi kokoka fumbi, moti fumbi lobisala mu felemu limalumphira pa guluu inu mukuona.

Wofuna kutsimikiza awaze timadzi pakona. Madziwo akayala mosalala, galasi layera. Akaundana timadontho, mafuta akadalipo. Akatero aumitse ndi kupukutanso.

Nthawi yomatira nayonso ndi nkhani. Mmawa galasi lozizira limakhala ndi chinyezi chosaoneka bwino, ndipo kukazizira kufika pansi pa madigiri 10, guluu wa vinyl zambiri sagwira mokwanira. Masana dzuwa likaomba pa galasi, guluu amagwira msanga musanawongole, vinyl n'kutamuka, zilembo n'kupotoka. Vinyl ija ya timabowo, yoti wamkati aziona kunja, imafuna kumatidwa pouma chifukwa madzi amatsakamira m'timabowomo.

Pempho langa kwa eni malo ndi ili: womata akafika n'kuyamba ndi ndowa ndi nsalu m'malo motambasula sitika, musamuone ngati akutaya nthawi, ndipo musamufulumizitse poti makasitomala akubwera. Muuzeni chilichonse chimene munapakapo pa galasilo. Akamaliza, uzani opukuta mawindo kuti asakhudzepo kwa masiku atatu, guluu ayambe wakhwima, ndipo akadzayamba kupukuta asamakwenye m'mbali mwa zilembo ndi chikhadabo kapena bulashi yolimba.

Ine wanu,
Womata zikwangwani