Kalata kwa mnzanga wochita bizinesi kumene ndalama ya dziko ikutha mphamvu

Okondedwa mnzanga,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ngakhale zinthu zili pothina kumeneko. Kuno tonse tili bwino. Mwalemba kuti mitengo ikusintha sabata iliyonse, kuti opikulitsa katundu ayamba kukana ndalama ya dziko, ndiponso kuti anzanu ena akukulimbikitsani kuti mpamba wanu wonse muusandutse Bitcoin, imodzi mwa ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto, madzi asanafike m'khosi. Mwafunsa maganizo anga, ndipo ndikuyankhani mosapita m'mbali: crypto ikhoza kukuthandizani, koma pa ntchito imodzi yokha, ndipo ntchitoyo si imene anzanuwo akukuuzani.

Katswiri wa zachuma Phillip Cagan analemba mu 1956 kuti kukwera mitengo kumakhala kwafika posalamulirika pamene zinthu zikukwera ndi 50 peresenti kapena kuposerapo pa mwezi umodzi. Munthu akhoza kuchipeputsa chiwerengero chimenechi mpaka atakhala pansi n'kuwerengera, chifukwa zikapitirira choncho kwa miyezi 12, chinthu chimene chinali pa 100 chimafika pafupifupi pa 13,000. Ku Germany mu Novembala 1923 dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ma mark 4.2 thiriliyoni, ku Hungary mu Julaye 1946 mitengo inkawirikiza kawiri pa maola pafupifupi 15 aliwonse, ndipo ku Zimbabwe mu Novembala 2008 inkawirikiza pafupifupi tsiku lililonse. Gwero lake limafanana paliponse: boma limawononga ndalama zoposa zimene limatolera, banki yaikulu n'kumasindikiza zina zotsekera dzenjelo, ndipo anthu akangozindikira zimenezi, aliyense amafuna kutaya ndalama ya dziko tsiku lomwelo limene wailandira, zomwe zimachititsa kuti mitengo ithamange koposa.

Kwa munthu wa bizinesi ngati inu, choopsa kwambiri n'chakuti mabuku anu amakunamizani. Tiyerekeze kuti mwapikula makatoni 100 pa mtengo wa 10 iliyonse, ndipo mwagulitsa onse pa 13. M'buku mwalemba kuti munalowetsa 1,000 n'kupeza 1,300, ndipo mtima uli m'malo. Koma pobwerera kwa wopikulitsa patatha masabata atatu mukupeza kuti katoni ili pa 15, kotero kuti ndalama zanu zonse, mpamba ndi phindu lomwe, zikugula makatoni 86 okha. Simunabedwe ndi munthu, simunawononge kalikonse, koma makatoni 14 apita, ndipo mukachita zimenezi kangapo mashelefu amatsala opanda kanthu pamene buku likupitiriza kunena kuti mukupindula. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musanaganize za crypto, musinthe kawerengedwe kanu. Mtengo wogulitsira uzichokera pa ndalama imene mudzagulire katundu wotsatira, osati imene munagulira amene ali pa shelefu, ndipo kukula kwa bizinesi muzikuyeza ndi kuchuluka kwa katundu kapena ndi madola. Ngongole zopatsa makasitomala mu ndalama ya dziko zisiyeni kaye, ngakhale kwa anthu okhulupirika, pakuti wobweza pakatha mwezi amabweza chiwerengero chomwecho koma mtengo wake utachepa kwambiri.

Muyeneranso kudziwa kuti boma likasowa pogwira, kawirikawiri limatembenukira kwa amalonda. Pakati pa chaka cha 2007 boma la Robert Mugabe linalamula kuti mitengo ya m'masitolo idulidwe ndi theka, eni masitolo ambiri anamangidwa, ndipo pasanapite nthawi masitolo anatsala mbee, katundu atasamukira kumsika wakuseri. Mu 2019 dziko lomwelo linalamula kuti ndalama zimene anthu ankaziona ngati madola a ku America m'mabanki zikhale ndalama yatsopano ya dzikolo yotchedwa madola a RTGS, imodzi kwa imodzi, ndipo madola atsopanowo anagwa mofulumira. Ku Lebanon, kuyambira kumapeto kwa 2019, mabanki anayamba kuletsa anthu kutapa madola awo omwe. Ndikutchula zimenezi kuti muone chifukwa chimene anthu amafunira kusunga chuma chawo kunja kwa banki, ndipo sindikuwaweruza kuti akulakwitsa.

Dziko limene latiphunzitsa zambiri pa nkhani ya crypto ndi Venezuela, chifukwa Zimbabwe ya 2008 inavutika Bitcoin isanabadwe. Ndipotu Bitcoin inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009, mwezi womwewo umene Zimbabwe inatulutsa pepala la madola 100 thiriliyoni. Ku Venezuela banki yaikulu inavomereza yokha kuti mitengo inakwera ndi 130,060 peresenti mu 2018, ndipo boma linachotsa maziro pa ndalama ya bolívar katatu: atatu mu 2008, asanu mu 2018, ndi asanu ndi limodzi mu 2021. Anthu oposa 7 miliyoni anachoka m'dzikomo, ndipo ambiri mwa iwo ankafuna njira yotumizira ndalama kwa abale otsala. Poyamba Bitcoin inagwiritsidwa ntchito kwambiri kudzera pa LocalBitcoins, nsanja ya pa intaneti pamene anthu ankagulitsana Bitcoin, koma taonani mmene inkagwirira ntchito: wotumiza ankagula Bitcoin kumene ali, wolandira n'kuigulitsa nthawi yomweyo kuti apeze bolívar yogulira zofunika. Anthu ankangodutsamo. M'kupita kwa nthawi amalonda ambiri anasamukira ku madola enieni a mapepala ndi ku USDT, crypto yotsatira mtengo wa dola, ndipo LocalBitcoins inatsekedwa mu 2023.

Chifukwa chimene anasamukira n'chosavuta kumva. Bitcoin singasindikizidwe ndi boma lililonse, ndipo siidzapitirira 21 miliyoni, koma mtengo wake sukhazikika. Mu Novembala 2021 inafika pafupifupi madola 69,000, ndipo patangotha chaka chimodzi inali cha m'ma 16,000. Pa 12 Malichi 2020 inatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu pa tsiku limodzi. Munthu amene ali ndi ndalama zapadera, zimene angathe kuziiwala kwa zaka, akhoza kupirira zoterezi. Inu mukufunika kulipira wopikulitsa Lachisanu, lendi pakutha pa mwezi ndi antchito pa tsiku lawo, ndipo simungawauze kuti adikire msika udzuke. Kuthawa ndalama ya dziko n'kuika mpamba wonse mu Bitcoin kuli ngati kutsika m'bwato loboola n'kukwera lina lopanda nkhafi.

USDT ndi ina. Imeneyi ili m'gulu la ma stablecoin, ndalama za pa intaneti zimene kampani yozitulutsa imalonjeza kuti iliyonse ikhala yofanana ndi dola imodzi, chifukwa kampaniyo imati ikusunga chuma chokwanira kuwombola zonse. Kwa wamalonda, ubwino wake ndi woonekeratu: zimene mwagulitsa masana mukhoza kuzisintha madzulo omwewo kuti zisagone mu ndalama ya dziko, mukhoza kulipira wopikulitsa wa kunja m'mphindi zochepa popanda kudikira banki imene ilibe ndalama zakunja, ndipo simuyenda ndi mpukutu wa madola m'thumba. Imathetsanso vuto la chenje, limene limasautsa kwambiri kumene anthu akugwiritsa ntchito madola a mapepala koma ang'onoang'ono akusowa. Ntchito imodzi imene ndinanena ija ndi imeneyi, yodutsitsa ndalama kuchoka pa kauntala panu kukafika kwa wokupatsani katundu zisanasungunuke.

Koma musaiwale kuti limeneli ndi lonjezo la kampani, ndipo malonjezo amasiyana kulimba kwake. TerraUSD, stablecoin imene inkadalira masamu a pakompyuta m'malo mwa madola osungidwa, inagwa mu Meyi 2022 n'kutsala yopanda mtengo m'masiku ochepa. Stablecoin ina yotchedwa USDC inatsika mpaka cha m'ma senti 87 mu Malichi 2023 pamene banki ya ku America ya Silicon Valley Bank, kumene kunali gawo la chuma chake, inagwa, ngakhale kuti inabwereranso patapita masiku ochepa. Kampani ya Tether, imene imatulutsa USDT, inalipitsidwa chindapusa cha madola 41 miliyoni ku America mu 2021 chifukwa chonena zosaona pa za chuma chimene inkasunga, ndipo ili ndi mphamvu yotseka ndalama za pa adiresi iliyonse, imene ili ngati nambala ya akaunti ya crypto. Nsanja zosinthirapo nazonso zimagwa, monga inachitira FTX mu Novembala 2022, anthu n'kulephera kutapa zawo.

Komabe, m'kuona kwanga, amalonda ang'onoang'ono ambiri sataya ndalama chifukwa cha kugwa kwa makampani akuluakuluwa. Amataya polowa ndi potuluka, pamene akusinthana ndi munthu mnzawo. Pa nsanja monga Binance pali gawo la P2P, pamene wogulitsa USDT ndi wogula amakumana, nsanjayo n'kugwira ndalama za crypto pakati mpaka wogulitsa atavomereza kuti walandira malipiro. Chinyengo chofala chimayenda chonchi: wogula amakutumizirani chithunzi chooneka ngati lisiti ya ku banki, kenaka n'kuyamba kukukakamizani kuti mumasule msanga chifukwa akuti ali pachangu. Inu musamasule kanthu chifukwa cha chithunzi kapena uthenga wa pafoni. Lowani nokha mu akaunti yanu, muone ndi maso anu kuti ndalamazo zafika zonse, ndiponso kuti dzina la wotumiza likufanana ndi la munthu amene mukuchita naye malonda. Dzina likasiyana, bwezani, chifukwa nthawi zina zimakhala ndalama zakuba, ndipo banki ikatsata imadzatseka akaunti yanu, osati ya wakubayo. Wina akakuuzani kuti mukamalizire malondawo kunja kwa nsanja kuti akupatseni mtengo wabwino, dziwani kuti akufuna kuchotsa mkhalapakati amene akukutetezani. Ndipo muziwerengera kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, pakuti mukamalowa ndi kutuluka tsiku lililonse, kusiyana kooneka kochepako kumadya phindu la katundu amene mumapindulapo pang'ono.

Palinso zolakwika zimene sizikonzeka. USDT imayenda pa manetiweki angapo, monga Tron ndi Ethereum, ndipo mukatumiza pa adiresi yolakwika kapena pa netiweki imene wolandira sakugwiritsa ntchito, nthawi zambiri palibe ofesi yokadandaulako. Kwa munthu watsopano muziyamba mwatumiza zochepa zoyesera. Ngati mukusunga nokha mu wallet ya pafoni, pulogalamu yosungiramo crypto, mawu 12 kapena 24 amene imakupatsani poyamba ndiwo ndalama zenizenizo: alembeni papepala, musawajambule ndi foni, musawauze aliyense wonena kuti ndi wothandiza makasitomala, koma muonetsetse kuti alamu akudziwa pamene ali, chifukwa za mawa sizidziwika. Kumbukiraninso kuti mu Malichi 2019 magetsi anathima pafupifupi m'dziko lonse la Venezuela kwa masiku angapo, makina olipirira ndi mafoni zinaleka kugwira ntchito, ndipo amene anagula chakudya anali amene anali ndi ndalama za mapepala m'manja.

Za malamulo, funsani munthu wodziwa malamulo a kumeneko, ndipo muzifunsa kawirikawiri chifukwa amasintha mwadzidzidzi. Mu Meyi 2018 banki yaikulu ya Zimbabwe inaletsa mabanki kuchita malonda ndi makampani a crypto, ndipo ya ku Nigeria inachita chimodzimodzi mu Febuluwale 2021 n'kudzamasula mu Disembala 2023. Venezuela inaika msonkho wa 3 peresenti pa malipiro ena a ndalama zakunja ndi a crypto mu 2022. Boma lomwelo linayambitsa crypto yakeyake yotchedwa Petro mu 2018, ponena kuti yatsamira pa mafuta a dzikolo, koma anthu sanaikhulupirire, mkulu wa bungwe loyang'anira za crypto anamangidwa pa mlandu wa katangale mu 2023, ndipo Petro inatsekedwa mu Januwale 2024. Lembani malonda aliwonse m'kaundula, ndi tsiku ndi mtengo wosinthira wa tsikulo, kuti a msonkho akabwera mukhale ndi chowaonetsa. Za anthu olonjeza kuti achulukitsa crypto yanu ndi maperesenti akutiakuti mwezi uliwonse sinditalikitsa, chifukwa Mirror Trading International ya ku South Africa, kampani imene inkalonjeza zomwezo, inagwa mu 2020 anthu n'kutaya ndalama zawo.

Ndikanakhala pamalo panu, gawo lalikulu la mpamba ndikanalisiya mu katundu wosawonongeka msanga amene amayenda tsiku ndi tsiku. Ndalama ya dziko ndikanasunga yokwanira zolipira za masiku ochepa basi, madola a mapepala pang'ono a tsiku la mdima, ndipo USDT ikanakhala ya ndalama zimene zikudikira oda yotsatira, osazisiya zonse pa nsanja imodzi. Bitcoin, ngati mtima ukufunabe, mugule ndi zimene mungathe kutaya osatseka sitolo. Antchito anu muziwalipira pafupipafupi, kapena malipiro awo muwamangirire ku dola, chifukwa wolandira pakutha pa mwezi ndiye amapsa kwambiri, ndipo wantchito wanjala sakhalitsa.

Mundilembere kuti opikulitsa anu akuvomera kulipidwa m'njira ziti, ndiponso kuti katundu wanu amatenga masiku angati kuti athe, chifukwa zimenezo ndizo zidzatiuze kuchuluka kwa zimene muyenera kusunga mu USDT. Mupereke moni wanga kwa alamu ndi ana.

Ndine bwenzi lanu.