Loweruka usiku umakhala kuti?

Mwana wanga,

Ndamva, ndipo usandifunse amene wandiuza. Akuti Lamlungu ukumadzuka dzuwa lili paliwombo, maso ali psuu, kutchalitchi unaiwalako njira. Ine kuno ndimvekere mwina ntchito yamuchulukira mwanayu.

Za mzimu wako ukambirana ndi Mulungu wako, wakula. Chikundisowetsa tulo ine n'chiwindi chako. Mowa umadya chiwindi mwakachetechete, umakweza BP, mwiniwake n'kumayendabe ngati zili bwino.

Ukukumbukira fodya wa bambo ako? Zala zachikasu zija, kutsokomola kwa m'bandakucha kuja kumene kunkakudzutsani nonse. Ndinalalata zaka ndi zaka, ngati ndikuyankhula ndi mwala. Anadzasiya atalowa kwaya. Mpweya unkawathera pakati pa nyimbo, komanso anzawo onse mmenemo panalibe wosuta. Manyazi basi. Iwe pamenepo unali kamwana, unkagona pamiyendo panga ulaliki usanafike n'pakati pomwe, dovu pachitenje panga.

Mng'ono wako anandiwerengera za ofufuza a ku California, ku America, amene anatsatira anthu a mpingo wa Seventh Day oposa 30,000. Anapeza kuti amuna ankakhala ndi moyo zaka pafupifupi 7 kuposa amuna ena a kumeneko, akazi zaka 4. Ambiri mwa iwo sasuta, samwa, amasamala zakudya, ndipo amapuma tsiku lathunthu pa sabata. Si mpingo wathu, koma ndinangoti eya, za bambo ako zomwe zija.

Usandiuze za akuluampingo omwera mseri, ndikuwadziwa kuposa iwe. Inenso shuga anandipeza ndili pa benchi lakutsogolo. Komabe ukadziwa kuti mawa ukuimba, Loweruka umagona msanga. Ukajomba kawiri, wina amagogoda pakhomo kudzafunsa ngati wadwala. Anzako a kubalawo ndani anabwera kudzakuzonda muja unagonekedwa m'chipatala? Tchula mmodzi. Unandiuza wekha kuti anabwera ndi amayi a kutchalitchi, ena osawadziwa n'komwe.

Sindikukukalipira ayi. Chabwino, ndikukukalipira pang'ono. Ndiwe mwana wabwino, mtima wako ndi wofewa, n'chifukwa chake sutha kukana munthu akakugulira botolo. Ngati kutchalitchi kwanu kuja anakukhumudwitsa, pita kwina, ine sindidandaula, bola ukhale ndi anthu okusowa ukasowa.

Mowawo, mwanawe. Chiwindi n'chimodzi.

Loweruka likubwerali ndikuimbira 9 koloko usiku. Kumbuyo kwako ndikufuna ndimve kuli zii.

Ndine,
Mayi ako