Mmasule manja mdzukulu wangayo

Mwana wanga,

Chichokereni kwanu ku Rosettenville Lamulungu lija mtima wanga uli pa mdzukulu wanga, nde ndati ndingolemba poti pa foni mayunitsi amatithera nkhani ili pakati.

Ndaona umamuveka timasokosi m'manja tsiku lonse, bulangete pamwamba, kungotsala kamphuno. Ndikudziwa June wa ku Joni kuno alibe chisoni, kuzizira kwake kumalowa m'mafupa, koma masana dzuwa likalowa pawindo mmasule ndithu. Miyezi 4 wakwanitsayi ndi nthawi yomwe manja amayamba kudziwana. Unamuona nditamuvula timasokosi tija? Anakumanitsa timanja pachifuwa nkumayang'anitsitsa zala zake ngati alendo, kenako zonse kukamwa. Akuphunziratu pamenepo. Dzanja lamanja limayendetsedwa ndi ubongo wa kumanzere, lamanzere ndi wa kumanja, ndipo mitsempha yolumikiza mbali ziwirizi imakhwima pang'onopang'ono, nde manja akamakhudzana, akamagwira zinthu, m'pamene amazolowera kugwirira limodzi.

Uziyala chitenje pa kapeti umugoneke chafufumimba pang'ono ali maso, iwe uli pompo, kenako chagada, umuonetse chinthu pakati penipeni osati kumbali kuti atambasule onse awiri. Zidole zodula za ku mall usavutike nazo, iweyo unakulira chipande ndi chivindikiro cha poto. Pofika miyezi 6 kapena 7 uzaona akusamutsa supuni kuchoka dzanja ili kupita linalo, cha m'ma 9 azimenyanitsa zivindikiro mpaka aneba amve, kuwomba m'manja nako kumabwera chapomwepo. Koma ine chimandikomera ndi akamakwana chaka, dzanja lina lagwira kapu lina likupisa mkati, monga timachitira pa nsima, ili lagwira poto ili lili pa mthiko. Kungoti makobidi, mabatani ndi mtedza uziika kutali, chilichonse wagwira chimathera kukamwa.

Za manzere zomwe amadandaula apongozi ako zija zisakusowetse tulo, dzanja lenileni limadziwika bwino mwana atapitirira zaka 2. Akadzakhala wamanzere musiye. Ine ndinalakwa pa achimwene ako, ndinkawamenya kadzanja pa mbale kuti adyere lamanja mpaka ankalira nsima ili m'manja, ndikakumbuka zimandiwawabe mpaka lero.

Chomwe ndikufuna uyang'anitsitse ndi ichi. Ngati asanakwane chaka akungogwiritsa dzanja limodzi, linalo lili chofumbata nthawi zonse kapena lalobodoka, usadikire tsiku la katemera, nyamula kabuku kake ka Road to Health upite ku kiliniki ukawauze anesi momwe waonera. Usaope chilankhulo, aonetseni dzanjalo aona okha.

Loweruka ndikaweruka 1 koloko ndikwera taxi ndibwere, ndapeza kachipande kakang'ono kosalala bwino. Ndidzamupeze manja ali pamtunda. Moni kwa bambo ake.

Ndine mayi ako.