Piyano ya mabawuti imafuna rula ndi khutu

Akonzi,

Tipatseniko danga tiyankhepo pa mawu amene timawamva kawirikawiri anthu akamakamba za nyimbo ndi zisudzo zachilendo za ku America za m'ma 1940 ndi 1950. Amati anthu aja ankangochita zamisala, ndipo aliyense atha kuchita. Choopsa n'chakuti wophunzira nyimbo akamva zimenezi atha kukatsegula piyano ya sukulu n'kukhuthuliramo misomali, ati akutsanzira John Cage, wopeka nyimbo wa ku America amene ankaika zinthu pakati pa nsambo za piyano kuti mawu ake asinthe. Mapeto ake ndi nsambo zokandika, mawu osokonekera ndi ndalama zolipira wokonza. Cage sankakhuthulira, ankayeza ndi rula.

Zinayamba mu 1940 ku Cornish School mumzinda wa Seattle. Wovina wina wachikuda, Syvilla Fort, ankafuna nyimbo yomveka ngati ng'oma pa gule wake wotchedwa Bacchanale, koma pabwalopo panalibe malo oti oimba ng'oma n'kukwanapo. Panali piyano imodzi basi. Cage anali ataonapo mphunzitsi wake Henry Cowell akukhudza nsambo za piyano ndi manja, ndiye anayamba kuikamo zinthu. Mbale yophikira inkangodumphadumpha, msomali unkatsetsereka. Chimene chinakhazikika ndi sikuluwu, chifukwa mazinga ake amaluma nsambo uku ndi uku. Amene anaonapo woimba ng'oma akumata phula pakati pa chikopa kuti mawu atsike sangavutike kumvetsa: chinthu cholemera chikakhala pa nsambo, nsamboyo imanjenjemera mwa mtundu wina, ndipo kiyi imodzi imalira ngati belu, ina ngati thabwa.

Ntchito yaikulu ya mtunduwu ndi Sonatas and Interludes, imene analemba kuyambira 1946 mpaka 1948, ndipo woimba piyano Maro Ajemian anaiimba yonse ku New York mu Januwale 1949. Ili ndi zigawo 20 ndipo imapitirira ola limodzi. Pa makiyi 88 a piyano, 45 okha ndiwo amakonzedwa, pogwiritsa ntchito masikuluwu, mabawuti, manati, tizidutswa ta labala ndi pulasitiki, komanso chofufutira chimodzi. Kumayambiriro kwa nyimboyo kuli tebulo losonyeza chinthu choika, nsambo zoikapo ndi mtunda wake. Kukonza kokhako kumadya maola awiri kapena atatu woimba asanagunde kiyi n'imodzi yomwe.

Kakonzedwe kake ndi aka. Pamafunika piyano ya grand, ija yogona ya miyendo itatu. Makiyi ambiri apakati ndi akumwamba ali ndi nsambo zitatu kiyi iliyonse, ndiye chinthu chimalowa pakati pa nsambo yoyamba ndi yachiwiri, kapena yachiwiri ndi yachitatu, monga tebulo lanenera. Musanaike kanthu, wina aponde pedo yakumanja kuti timitu ta nsalu toletsa nsambo kulira tinyamuke. Mukaiwala zimenezi, potanula nsambo mumatsina nsaluyo, ndipo kiyi imeneyo imayamba kulira mosalekeza ngakhale mwachotsa chala. Tanulani nsambo pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongola kapena kapulasitiki kolimba, lowetsani bawuti, kenako bwezani. Musapotoze bawuti kuti ilowe mokakamiza, mazinga amakanda chitsulo, ndipo nsambo yokandika ndiyo imayamba kuduka. Nsambo imakhala yokokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70 kapena kuposerapo, choncho ikaduka nkhope isakhale pafupi.

Bawuti ikule pang'ono chabe kuposa mpata wa pakati pa nsambo. Ikachepa imagwera pa thabwa lokuza mawu lili pansipo. Ikanenepa kwambiri imakoka nsambo n'kusokoneza mawu, mwinanso kukankhira nsambo pa ya kiyi yoyandikana nayo. Nsambo zonenepa za besi zokulungidwa ndi kopa musaziike chitsulo ayi, chifukwa kopa ndi wofewa, akaphwanyika nsamboyo imalira mosasa mpaka kalekale. Manja akhale osamba ndi ouma, thukuta limabweretsa dzimbiri.

Pa nkhani ya mtunda ndi pamene ambiri amagwa. Tebulo la Cage limawerengera mtunda m'mainchesi kuchokera pa kamutu ka nsalu kaja, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Koma iye ankayeza pa piyano yake ya Steinway, ndipo piyano yaitali kapena yaifupi kuposa imeneyo ili ndi nsambo za utali wina. Bawuti ikakhala pakatikati penipeni pa nsambo mumamva mawu apamwamba oyera. Mukangoisuntha pang'ono, mawuwo amaipa kapena kufa. Ndiye rula imakufikitsani pafupi, zotsalazo ndi za khutu: gundani kiyi, sunthani bawuti pang'ono, gundaninso, mpaka ilire bwino. Ife timaona kuti woimba amene amakakamira manambala pa piyano yosiyana ndi ya Cage ndiye walakwira nyimboyo kuposa amene wasuntha bawuti ndi theka la sentimita.

Pedo yakumanzere nayo ili ndi ntchito. Pa grand imasuntha tinyundo tonse chammbali kuti timenye nsambo ziwiri m'malo mwa zitatu, kotero kiyi imodzi yomweyo imatulutsa mawu amitundu iwiri. Pa piyano yoimirira pedo imeneyi imangoyandikitsa tinyundo ku nsambo, kusinthako sikumveka, komanso nsambo zili chilili kuseri kwa makina moti zinthu zimagwa msanga. Makiyibodi amagetsi amene tili nawo m'matchalitchi ambiri ndiye osayerekeza n'komwe, mulibe nsambo.

Ngakhale 4'33" ija anthu amaiseka, nyimbo ya Cage ya mphindi 4 ndi masekondi 33 osaimba kanthu, imene woimba piyano David Tudor anaionetsa koyamba ku Woodstock pa 29 Ogasiti 1952 osagunda kiyi, inali ndi zigawo zitatu zoyezedwa ndi wotchi, ndipo iye ankatseka ndi kutsegula chivindikiro cha makiyi posonyeza poyambira ndi pothera pa chigawo chilichonse.

Pempho lathu kwa aphunzitsi ndi lakuti wophunzira ayambe ndi makiyi atatu kapena anayi apakati, ndi labala yekha, mwini piyano atavomera. Zonse zimene zalowa zilembedwe papepala ndi kuwerengedwa. Pochotsa, pedo yakumanja ipondedwenso, nsambo zitanulidwe monga poyamba, ndipo zotulukazo zifanane ndi zolembedwa. Nati imodzi ikasowa, ifunidwe ndi tochi pa thabwa la pansi lija piyano isanatsekedwe, apo ayi idzanjenjemera pa nyimbo iliyonse, ndipo kuitulutsa kumafuna waya wopindika ndi wokonza piyano.

Ndife aphunzitsi a nyimbo,
Zomba