Masabata 8 a uchembere ndi ochepa

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo za malamulo a ntchito kuno kwathu ndi kwa anzathu oyandikana nawo.

Pa maola sitisiyana kwenikweni. Lamulo lathu la 2000 limati maola 48 pa sabata, ku Zambia chimodzimodzi, ku South Africa 45. Kaya mlonda wogona pageti kuyambira 6 koloko madzulo mpaka m'mawa amadziwa zimenezi, imeneyo ndi nkhani ina. Pa tchuthi cha pachaka Zambia yatisiya: kumeneko ndi masiku awiri pa mwezi uliwonse, kutanthauza 24 pachaka, pomwe kuno ndi 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata ndi 15 kwa wogwira masiku 5.

Chondipweteka mtima ndi uchembere. Mayi wa ku Chipata amapuma masabata 14 malinga ndi lamulo lawo la 2019. Mnzake wa ku Mchinji, kungodutsa pachipata cha Mwami, amapatsidwa masabata 8 basi, kamodzinso pa zaka zitatu. Ku South Africa ndi miyezi inayi. Chonsecho kusikelo anamwino amatiuza kuti mwana ayamwe bere lokhalokha miyezi 6. Ayamwa bwanji mayi ake akuthamangira minibasi m'mamawa, khosi la mwana lisanalimbe n'komwe? Mapeto ake agogo amayamba kumupatsa phala nthawi isanakwane.

Olemba ntchito adzati ndalama palibe. Nanga a ku Zambia amazitenga kuti? Aphungu athu aliunikenso lamuloli, masabatawa afike 14.

Mayi wa ana atatu,
Mchinji