Lipoti la ulendo wa ku Kitwe: ma pointer athu ndi -O2

A Wapampando ndi anzanga nonse olemba firmware (mapulogalamu a m'kati mwa zida) kuno ku Lusaka, ndabwerako ku msonkhano womwe munandituma. Malisiti a basi ndi malo ogona ali kale kwa msungichuma. Zokamba za m'mawa zinali zotsatsa malonda, sindikutayitsani nazo nthawi.

Phunziro la strict aliasing lokha labweza ndalama ya alawansi yanga. Lamuloli lili mu C99, buku la malamulo a chiyankhulo cha C, gawo 6.5 ndime 7, ndipo limapatsa compiler, pulogalamu yomasulira code yathu, ufulu woganiza kuti ma pointer (zolozera malo mu memory) a mitundu yosiyana, monga ya float ndi ya int, sakuloza malo amodzi. Ikatero imatha kusinthanitsa kuwerenga ndi kulemba, kapena osawerenganso nambala yomwe ife tikudziwa kuti yasintha. Compiler ya GCC imayatsa yokha zimenezi tikaiuza kuti ifulumizitse kapena kuchepetsa code, pa -O2, pa -O3 ngakhalenso pa -Os yomwe timadalira flash ikachepa. Pointer ya char ndiyo yololedwa kuwerenga chilichonse, koma chilolezocho sichibwerera kumbuyo: kutenga buffer ya ma byte n'kumaiwerenga ngati struct ndi kuphwanya lamulo. Abale, umu ndi momwe timawerengera mauthenga a modem pa zida zathu za sola!

Mukukumbukira chaka chatha zida za ku Kanyama zitayamba kutumiza manambala osokonekera? Mlandu unagwera mnyamata amene anazikhoma. Ndikukayikira kuti mwina vuto linali lomweli. Ndinapempha kuti tionenso code, pempholo linangoiwalika mu maminitsi, ndipo mpaka lero palibe wamupepesa mnyamatayo.

Ambiri pamsonkhanopo anagwirizana zongoika -fno-strict-aliasing, flag youza compiler kuti isadalire lamuloli, poti ndi mmene kernel ya Linux imamangidwira, ndipo Linus Torvalds wakhala akulidzudzula lamuloli kwa zaka zambiri. Ine sindinakhutire. Kernel ili ndi mizere mamiliyoni, pomwe malo athu olakwika tingathe kuwakonza ndi manja. Tiike flag imeneyo panopa kuti tipume, koma cast iliyonse yotere (kuwerenga buffer ngati struct) isanduke memcpy, yomwe imakopera ma byte. Kawirikawiri compiler imaisandutsa kuwerenga wamba, liwiro silitsika. Komanso purosesa ya Cortex-M0 imagwa HardFault (imasiya kugwira ntchito) ikawerenga word pa adiresi yosayenera, vuto lomwe flag ija silithetsa koma memcpy imathetsa. Musadalire -Wstrict-aliasing kuti ikuchenjezani, zambiri zimaidutsa.

Ndikudziwa ena anena kuti zida zikugwira bwino, tisazikhudze. Zikugwira ndi compiler ya lero. Tikasintha toolchain (compiler ndi zinzake) palibe wotilonjeza zimenezo. Ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba Loweruka, pamodzi ndi ya bolodi yoyesera yomwe komiti inavomereza koma siinagulidwebe.