Kusintha kwa ulendo wathu woona malo mu Cape Town

Makasitomala athu olemekezeka,

Kuyambira mwezi wa mawa, ulendo uja woyambira ku City Hall n'kukathera ku masunagoge a ku Gardens sukhalanso wa pa minibasi. Tiziyenda wapansi, ndipo tsiku lake ndi Lamlungu, osatinso Lachisanu. Kunena zoona sindimafuna kulongosola mavuto anga pagulu, koma mafoni achuluka.

Minibasi yathu ili pabwalo, yabwinobwino, matayala atsopano. Chilolezo chake chonyamulira alendo ndicho chinatha. Mapepala ndinapereka nthawi yake isanakwane, koma ndikapita ku ofesi amangoti bwerani sabata yamawa, wosayina kulibe. Ndiye ndakhala ndikuchita hayala galimoto ya munthu wina kuti ndisakukhumudwitseni. Mkuluyo akamva kuti mafuta akwera amakweza tsiku lomwelo, koma akatsika amakhala ngati sanamve. Kwinaku inshulansi ya galimoto yongokhalayo ndikulipirabe mwezi uliwonse. Lachisanu lina ndanyamulapo mipando yopanda anthu, chifukwa ambiri a inu mabwana sakulolani kuchoka pantchito, ndipo ndalama ya hayala ndinachotsa pa ya lendi kunyumba. Kodi bizinesi yotere ingapite patali?

Ena mwati bwanji osasankha Loweruka. Sizingatheke. Loweruka ndi Sabata la Ayuda ndipo South African Jewish Museum imakhala yotseka, pomwe Lachisanu amatseka msanga. Ulendowu popanda malo amenewo ndiye kuti ndakuberani. M'menemo ndi momwe muli sunagoge woyamba kumangidwa mu South Africa muno, wa mu 1863, ndipo pambali pake pali Great Synagogue ya mu 1905. Nyumba yosungiramo mbiriyi anaitsegula ndi a Nelson Mandela mu 2000. Mkatimo anamangamo chifanizo cha kamudzi ka ku Lithuania, kumene Ayuda ambiri a kuno anachokera, ndipo ndaona kuti ife amene tinasiya kwathu n'kubwera kudzafuna ganyu kuno timachedwa kwambiri pamenepo. Pabwalo lomwelo palinso Holocaust Centre, nyumba yokumbukira Ayuda amene anaphedwa ndi a Nazi, imene inatsegulidwa mu 1999.

Zoti tione sizichepa ayi. Khonde la City Hall, pomwe a Mandela analankhulira khamu pa 11 February 1990 atangotuluka m'ndende, tiziliona tili pa Grand Parade. Kenako Slave Lodge, nyumba imene kale ankasungiramo akapolo, n'kulowa m'paki ya Company's Garden. Nyumba ya malamulo tiziionera kunja monga takhala tikuchitira chipsereni pa 2 January 2022. Mtunda wake si wautali, minibasi ija nthawi zambiri inkangozungulira kusaka poima.

Tizikumana pa Grand Parade 12 koloko masana, kuti opita kutchalitchi mupite mapemphero a m'mawa. Mtengo sunasinthe, koma thiransipoti yofikira m'tauni ndi yanu. Musaiwale pasipoti kapena chitupa, pachipata cha ku sunagoge alonda amafunsa. Amene munalipira kale za Lachisanu mundiuze, tisinthe tsiku kapena ndikubwezereni.

Ndikudziwa kuti alipo ena a mabasi akuluakulu amene angakunyamuleni bwino kuposa ine, kungoti sakufotokozerani m'Chichewa. Inu ndinu mwandisunga mpaka lero, ndipo ambiri munabwera chifukwa mnzanu anakuuzani. Zikomo kwambiri, chonde musanditaye pa nthawi ino. Chilolezo chikangotuluka ndidzakudziwitsani pa WhatsApp.

Ndine wanu,
Mwini wake wa maulendowa